Voti ya Abwana M'manja Mwanga

Carson, California
16 Malichi

Okondedwa achemwali anga a Tausala,

Landirani moni wochokera kuno kutsidya kwa nyanja, m'dzina la Ambuye amene watisunga tonse mpaka lero. Kodi muli bwanji ku Vatia? Bondo lija linasiya kutupa, kapena mukukwerabe nalo mtunda wa kutchalitchi mutaluma mano? Nanga amayi akudya bwino? Sieni anandionetsa chithunzi chimene munatumiza pa Khirisimasi, ndipo ndinaona kuti achepa thupi. Mundiuze zoona, musandibisire poti ndili kutali.

Ife kuno tilipo. Alamu anu a Aukuso akupitabe kumakina otsuka magazi katatu pamlungu. Akabwerako amangogona, koma Loweruka amadzuka n'kumalimbana ndi nthochi zawo ziwiri za kuseri kwa nyumba ngati ali ndi munda wa maekala. Mwana wanu Sieni ali bwino m'thupi. Ine ndiye mutu ukumandiwawa, koma chimene chikuuwawitsa ndikuchidziwa, ndipo n'chimene ndakhalira pansi kuti ndikulembereni. Pafoni ndalephera. Mukandifunsa za ntchito ndimangoti zili bwino, n'kuthawira kunkhani ina. Ndakhala ndikukunamizani kuyambira Disembala, achemwali. Ntchito ya kwa Bambo Ostrander inatha.

Mukuwakumbukira Bambo Ostrander, agogo achizungu aja ndawasamala zaka khumi ndi chimodzi kunyumba yawo ya paphiri. Ali ndi zaka 88. Miyendo inaleka kalekale, maso akuona mwachimbuuzi, manja amanjenjemera, koma mutu ndi wakuthwa, ndipo pakamwa ndiye osanena. M'mawa uliwonse ndikatenga lumo kuti ndiwamete ndevu ankati, “Siniva, lero usandidule khosi, ndikufuna ndione mmene mpira uthere.” Chuma chawo chinachokera m'nyumba zosungiramo katundu za kudoko, koma amene akuyendetsa zonse masiku ano ndi mwana wawo Warren.

Chaka chathachi kunabuka nkhani ya msonkho. Paja kuno pachisankho savotera anthu okha, amavoteranso malamulo, inde kapena ayi. Lina mwa malamulo a ulendo uno linali loti aliyense wopeza ndalama zopitirira miliyoni imodzi pachaka azikhoma msonkho wowonjezera, ndalamazo zizipita kusukulu za boma. Kuyambira Ogasiti munthu sunkatsegula kanema osakumana nazo. Uku mphunzitsi akudandaula kuti denga la kalasi likudontha, uku mwini sitolo akudandaula kuti olemera akathawa tonse tigona ndi njala. Pakapinga pa nyumba iliyonse panali chikwangwani. Kwathu kumunsi kuno zambiri zinali za Inde. Ndikamakwera phiri pabasi m'mawa ndinkaona za Inde zikuchepa, za Ayi zikuchuluka, mpaka pofika mumsewu wa abwana zinali za Ayi zokhazokha.

Poyamba ndinkangoti ndi phokoso la eni dziko. Ine miliyoni ndidzaionera kuti? Sindinadziwe kuti nkhaniyo indipeza mbali zonse ziwiri.

Paja Sieni amathandiza aphunzitsi m'kalasi la ana olumala. Amawadyetsa, amawaperekeza kuchimbudzi, amakumbatira amene akudzimenyetsa mutu kukhoma mpaka mtima wake utakhala pansi. Amabwera kunyumba ndi zikande m'mikono, koma akayamba kufotokoza za anawo nkhope yonse imawala. Akuluakulu a sukulu anaitana antchito onse n'kuwauza kuti ndalama zatha, ndipo lamuloli likapanda kudutsa theka la othandiza aphunzitsi lidzachotsedwa. Iye analowa ntchito mochedwa kuposa anzake, ndiye anadziwiratu kuti dzina lake lili kumayambiriro. Anatenga malaya achikasu olembedwa Inde, ndipo Loweruka lililonse ankayenda khomo ndi khomo mpaka mapazi kutupa. Akabwerako ndinkamuikira madzi otentha m'beseni.

Mbali inayo inandipeza mu Seputembala. Warren analowa kukhitchini ine ndikusinja mankhwala a abambo ake kuti ndiwathire m'phala. Ndisamunamizire, ndi munthu waulemu, sanandikalipirepo n'kamodzi komwe. Anati akufuna ndidziwiretu kuti ndisadzadzidzimuke. Akuti chaka chotsatiracho agulitsa nyumba zonse za kudoko zija, ndipo msonkho watsopanowo udzawadya kwambiri. Akuti anagula kale nyumba ku Nevada, kumene msonkho wotere kulibe, ndipo Inde akapambana adzasamutsa abambo ake chaka chisanathe. Anati ngati ndikufuna nditha kupita nawo, chipinda changa chilipo. Ndinamufunsa kuti nanga amuna anga ndi makina awo ndiwasiyira ndani. Anati akumvetsa kwambiri, kenako anatsegula firiji n'kutenga botolo la madzi.

Tsiku limenelo ndinatsika phiri ndikuwerenga zikwangwani ngati mwana wongophunzira kumene zilembo. Inde, ntchito yanga yatha. Ayi, ya mwana wanga yatha. Ndinawauza alamu anu okha. Sieni ndinamubisira.

Lamulungu lina mu Okutobala, titaweruka kutchalitchi, tinadyera limodzi kwathu. Kunabwera Lafaele, mng'ono wawo wa alamu anu, uja amayendetsa mathiraki kudoko, pamodzi ndi mkazi wake. Ndinaphika zakwathu: mizu ya talo, ndiwo zathu zamasamba za palusami ndi nthochi zaziwisi za m'kokonati, ndipo ndinali nditapempha kuti patebulo pasamveke za ndale. Koma malaya achikasu aja anali atakolekedwa pampando, ndipo Lafaele anangoti kuwaona.

“Iwe Sieni, malaya awa ukawaonetsa abwana anga, mawa ine ndilibe ntchito. Anena kale kuti mathiraki onse akawaimika ku Texas.”

“Bambo aang'ono, inu miliyoni munaiona kuti? Mukulirira chikwama cha munthu amene sadziwa n'komwe dzina lanu.”

“Dzina langa salidziwa, koma malipiro anga amasayina. Iwe amene amadziwa dzina lako ndi ana osalankhula aja. Amakulipira chiyani, malovu?”

Mkazi wake anamutsina pantchafu mpaka analumpha. Sieni anaika foloko pansi. Sanakweze mawu. Anawauza kuti adzabwere tsiku limodzi lokha adzasinthe thewera la mwana wa zaka khumi ndi ziwiri wolemera kuposa iye, kwinaku wina akuthawira kumsewu, wina akutsamwa ndi chakudya, ndiyeno adzanene ngati mphunzitsi mmodzi angakwanitse yekha. Lafaele anayankha kuti sakukana kuti anawo ndi omvetsa chisoni, koma boma ndi thumba lobooka, ungathiremo zochuluka bwanji kusukulu sikufika kanthu. Anati olemera ali ndi mapiko, ukawafinya amauluka, otsala pansi ndi ife. Sieni anati ngati ndi choncho tizingowagwadira mpaka kufa. Mawu anakwera mpaka galu wa kunyumba yoyandikana nafe anayamba kuuwa.

Alamu anu ndi amene anayesa kuzimitsa moto. “Inu, palusami akuzizira. Olemerawo panopa akudya, sakukangana za ife.”

Tinaseka pang'ono, koma kenako onse awiri anatembenukira kwa ine. Lafaele anati ndimulangize mwana wanga poti ineyo ndi amene ndimadyera m'mbale ya olemera. Sieni anangoti, “Amayi, nenani.” Ine ndinati asandivutitse, voti ndilibe. Lafaele anaomba m'manja. “Eya, ndinaiwala! Inu alamu ndi achimwene ndinu Amereka a theka.”

Ankanena mwanthabwala, koma ndinadzuka n'kupita kukhitchini ngati ndikukatenga madzi. Inu mukudziwa mmene zilili, achemwali. Tinabadwira kuchilumba cholamulidwa ndi Amereka, pansi pa mbendera yomweyi, tinkaiimbira nyimbo kusukulu ku Vatia, mlongo wathu Ioane analowa m'manda ataifunda, koma pasipoti yanga imanena kumapeto kwake kuti sindine nzika. Zaka 26 ndakhala kuno. Lafaele anapeza unzika ali kuusilikali, Sieni anabadwira konkuno. Ine ndi alamu anu tinkangoti mafomu tidzalemba chaka chamawa. Ndiponso mumtima ndinali ndi kamwano kanga, kuti ndikalembe mayeso a chiyani kuti ndilowe m'nyumba imene ndinabadwiramo?

Tsopano mvetserani chimene sindinauzepo munthu wina kupatula a m'nyumba muno.

Mapepala a voti kuno amabwera papositi. Zaka zonsezi Bambo Ostrander ankalemba okha, koma ulendo uno maso anakana. Lachinayi lina masana, nditawakhazika pakhonde kuti aothe dzuwa, anandiuza kuti nditenge envulopu ndi cholembera ndiziwawerengera, iwo azinena, ine ndizidetsa timabwalo. Zimenezo n'zololedwa, wothandiza amalemba zimene mwini voti wanena. Tinayamba ndi mayina a anthu. Aliyense amene ndatchula ankamutukwana kaye. “Ameneyo ndi wakuba, koma wakuba amene tikumudziwa. Detsa pomwepo.” Tinaseka mpaka tinafika patsamba la malamulo.

Nditafika pa za msonkho ndinawawerengera lamulo lonselo. Anandifunsa kuti ineyo ndivotera mbali iti. Ndinati ndilibe voti. Anaganiza kuti ndikuseleula. Nditawafotokozera anati, “Zaka khumi ndi chimodzi ukundisambitsa, ine osadziwa zimenezi?” Ndinati sanandifunsepo.

Sindikudziwa chimene chinanditsegula pakamwa, koma ndinawauza zonse, za kalasi la Sieni, za mapazi ake otupa, ngakhale za Nevada zimene Warren anandipempha kuti ndisawauze kaye. Ndinaopa kuti adzidzimuka, koma anangopukusa mutu. “Ndikudziwa. Mwana uja amaganiza kuti ndikatseka maso ndiye kuti makutu atsekekanso.”

Kenako anayamba kulankhula ngati akudziuza okha. Anati iwo anaphunzira sukulu ya boma kudoko komweko, nsapato zili zobooka, ndipo panali mphunzitsi wina wamkazi amene ankawagawira chakudya chake cha masana n'kumanamizira kuti wakhuta. Anati popanda mayi ameneyo sakanatha ngakhale kuwerengera makatoni. Koma anatinso akhoma msonkho moyo wawo wonse, ndipo anthu a boma sawakhulupirira ngakhale atawapatsa tambala imodzi kuti asunge. Anati nyumba ya paphiriyo anamanga ndi malemu akazi awo, ndipo sakufuna kukafera m'chipululu pakati pa anthu osawadziwa.

“Theka la ine likuti inde, theka likuti ayi, ndipo onse awiri atsala pang'ono kufa,” anatero. “Tenga voti yangayi, Siniva. Detsa pamene ukufuna. Ine sindiona n'komwe.”

Ndinawachonderera kuti anene iwo, ine ndingolemba. Anati, “Ndakupatsa, ndatha,” n'kutembenuzira nkhope kunyanja. Posakhalitsa anayamba kusinza.

Achemwali, ndinakhala pamenepo cholembera chili m'manja mpaka dzuwa linachoka pakhonde. Timabwalo tiwiri, tating'ono ngati njere za mpunga. Ndikaloza pa Inde ndinkaona alamu anu atagona pamakina aja, ine ndilibe poti n'kugwira. Ndikaloza pa Ayi ndinkaona mapazi a mwana wanga m'beseni. Komanso mantha anandigwira. Tonse tinamva za anzathu a kwathu amene anakokeredwa kukhoti kuchigawo china chifukwa chovota asali nzika. Ndinadzifunsa kuti Warren akadzamva kuti wantchito ndi amene anasankhira abambo ake, adzandimvetsanso ngati mmene anandimvetsera kukhitchini muja? Ndiponso voti sinali yanga. Munthu angakupatse malaya ake, koma iyi sankayenera kundipatsa, ndipo ine sindinkayenera kulandira.

Ndinasiya timabwalo tonse tiwiri tili toyera. Atadzuka tinapitiriza ndi funso lotsatira. Anasayina envulopu dzanja langa litagwira lawo kuti lisanjenjemere. Sanandifunse kuti ndadetsa pati. Ndinakaiponya ndekha m'bokosi popita kukakwera basi.

Kulakwa kwanga n'kwakuti ndinamuuza Sieni. Ndinamupeza akusita, ndipo ndinaganiza kuti aseka. Anaimika simbi n'kundiyang'ana ngati sakundidziwa.

“Amayi, kamodzi kokha m'moyo wanu munthu wakupatsani mawu, inu n'kukhala chete?”

Ndinati nkhani imeneyo ndi ya ndende.

“Ndiye mukanawauza kuti anene Inde! Amakumverani. Mukawauza kuti amwe mankhwala amamwa.”

Pamenepo nane mtima unakwera. Ndinamufunsa kuti Inde akapambana, abwana n'kupita ku Nevada, denga limene akusitira pansi pakeli adzalisunga ndani. Ndinali nditaiwala kuti sakudziwa. Anakhala pansi pomwepo pasimenti, chingwe cha simbi chili pamiyendo.

“Bwanji simunandiuze?”

“Ukanavula malaya ako achikasuwo?”

Loweruka lotsatira anapitabe kukagogoda m'makomo, koma anatuluka m'nyumba atavala malaya wamba, achikasu aja atawaika m'chikwama. Ndinamuona pawindo akuvalira pakona. Chimenecho chinandipweteka kuposa mawu onse amene tinalankhulana.

Chisankho chinachitika mu Novembala, koma mavoti anali pafupipafupi moti anawerenga milungu yoposa iwiri. Tsiku lina Ayi ali patsogolo, mawa lake Inde. M'nyumba muno tinasiya kutsegula kanema tili pamodzi, aliyense ankayang'ana pafoni yake mobisa. Kunyumba ya paphiri nako palibe amene ankaitchula. Pomaliza Inde anapambana, pang'ono kwambiri. Anzake a Sieni anabwera ndi galimoto akuliza mahutala msewu wonse. Iye anatuluka, anavina nawo pang'ono, kenako analowa, anandikumbatira kumbuyo ndikutsuka mbale, n'kumangoti pepani amayi, pepani amayi. Ndinamuuza kuti palibe chimene walakwa. Lafaele anaimbira achimwene ake kuti timuuze mwana wathu kuti iye Lafaele, poti ntchito imuthera, ayamba kudzadya kwathu tsiku lililonse. Mpaka lero mathiraki ake akadali konkuno, ndipo sakuitchulanso nkhaniyo.

Koma Warren sanali kungoopseza. Sabata yachiwiri ya Disembala kunabwera anthu onyamula katundu. Ine ndi amene ndinalongedza zovala za abwana, mankhwala, zithunzi za malemu akazi awo. Ndinalemba papepala zonse zimene wowasamala watsopano ayenera kudziwa: kuti phala salifuna lotentha, kuti powatembenuza uyambire phewa lakumanzere, kuti akayamba kutukwana ndiye kuti akumva ululu koma sakufuna kunena. Pepala linakwana masamba anayi. Sindikudziwa ngati pali amene anawerenga.

M'mawa wa tsiku lonyamuka ndinawameta komaliza. Sananene nthabwala yawo ija. Anapempha kuti ndiwazungulitse nyumba yonse panjinga yawo ya olumala, chipinda ndi chipinda, ngakhale munalibenso kanthu. Atawakweza m'galimoto anandikodola kuti ndiyandikire, Warren ali kutsogolo akulankhula ndi dalaivala.

“Siniva, paja tinadetsa pati?”

“Sitinadetse paliponse, bambo.”

Anaseka mpaka kutsokomola, misozi ikutsika. “Ndiye ife awiri tilibe mlandu. Koma taona amene akuthamangitsidwa.”

Anandigwira dzanja osafuna kulisiya mpaka dalaivala anabwera kudzatseka chitseko. Warren anandithokoza bwinobwino, anandipatsa envulopu ndi kalata yabwino yondichitira umboni. Ndinatseka geti, ndinapereka makiyi kwa munthu wogulitsa nyumba, n'kutsika phiri wapansi chifukwa sindinafune kulira m'basi.

Ndinadzitonthoza kuti chabwino, ine ndagwa, koma mwana wanga waima. Ndinayenda ndi mtima umenewo mpaka Januwale. Ndiye tinamva kuti a mbali ya Ayi atengera lamulolo kukhoti, akuti silinalembedwe moyenera. Woweruza analamula kuti ndalamazo zisakhudzidwe mpaka mlandu utatha, ndipo odziwa akuti ungatenge zaka. Aphunzitsi anayenda mumsewu ndi zikwangwani, Sieni anapita nawo, anabwerako mawu atasasa. Lachiwiri lapitali walandira kalata yochokera kusukulu. Ntchito yake itha mu Juni.

Anaiwerenga ataimirira pakhomo, chikwama chili paphewa. Anati chimene chikumuvuta si iyeyo. Akuti m'kalasi mwake muli mtsikana wina amene salola munthu aliyense kumudyetsa kupatula iye, ndipo zinamutengera miyezi isanu kuti amuzolowere. Anandifunsa kuti amuuza bwanji mwana amene samva tanthauzo la mawu akuti Juni. Ndinamulandira chikwama n'kumuuza kuti asambe adye.

Ku Nevada ndaimbako kawiri. Ulendo woyamba abwana anali adakali ndi mphamvu zotukwana. Anati akuwameta ndi makina ngati nkhosa, ndipo atsikana a kumeneko amawalankhula ngati khanda. Anati pawindo akuona miyala yokhayokha. Ulendo wachiwiri anayankha ndi namwino, anati agona, ndipo masiku ano sakudya bwino. Ndinamufunsa ngati akuwaziziritsira phala. Anati ayang'ana m'mapepala. Warren ananditumizira uthenga mwezi watha kuti abambo ake m'mawa amafunsa ngati basi ya Siniva yafika. Mpaka pano sindinamuyankhe.

Panopa ndikugwira masiku atatu pamlungu kudzera kukampani yotumiza osamala okalamba. Lero nyumba iyi, mawa ina, munthu usanadziwe n'komwe mmene amakondera tiyi wake akusintha. Msana ukudandaula, paja zaka zapita. Sieni wayamba kufunsira ntchito kunyumba zosungirako okalamba. Ndinamutumiza kusukulu kuti asadzagwire ntchito yangayi, koma dzulo ndinali kumuphunzitsa kunyamula munthu pabedi osadzithyola, alamu anu ndi amene anali wodwala wathu. Iwo ankangoseka kuti sanagwiridwepo bwino chonchi chikwatirireni.

Kutchalitchi anthu akukanganabe. Ena akuti olakwa ndi olemera, ena akuti ndi aphunzitsi amene anaputa mavu, ena akuti ndi oweruza. Akandifunsa ndimangoti sindikudziwa, ndipo si kuzemba ayi. Ndaganiza mpaka mutu kuwawa. Sieni sananame, ana aja akufunika anthu. Lafaele nayenso sananame kwenikweni, ine ndinaona ndi maso anga mmene olemera amaulukira. Amene anavota Inde anapambana koma alibe kanthu m'manja. Amene anavota Ayi analephera koma ndalama zawo zikadali m'thumba. Ife amene sitinavote ndi amene tikusintha mabasi.

Tsono pempho langa ndi limodzi, achemwali. Bondo likakulolani, mukwere basi mupite kutauni ku ofesi yolembera obadwa, mukanditengere chikalata changa cha kubadwa, ndi cha alamu anu chomwe ngati angakupatseni. Zathu zinaonongeka chaka chija paipi inaphulika m'chipinda. Akazi a abusa athu akubwera kumeneko mu Epulo kumwambo wokumbukira chaka chimwalirireni bambo awo, ndawapempha kale ndipo avomera kudzanditengera. Musatumize papositi. Ndaganiza zolemba mafomu a unzika aja. Sindikunena kuti voti yanga imodzi ikanasintha kanthu, ndaona ndekha kuti ngakhale mavoti mamiliyoni angathe kuimitsidwa ndi munthu mmodzi wovala mkanjo. Koma sindikufunanso kudzakhala pakhonde la munthu ndi pepala la eni m'manja ngati ndaba. Ngati n'kulakwitsa, ndidzalakwitse papepala langa.

Sieni wandibweretsera kabuku ka mafunso a mayesowo, ndipo amandifunsa tikamaphika. Mayina a akuluakulu akale akundisokoneza, ndimawaphatikiza onse. Dzana anatsegula tsamba lina n'kuwerenga kuti nditchule ufulu umodzi umene ali nawo nzika zokha. Tinayang'anana. Kenako tinaseka, tinaseka mpaka alamu anu anafuula kuchipinda kufunsa ngati tapenga. Sieni akupukuta misozi anati, “Limeneli lokha, amayi, simudzalephera.”

Amayi ndidzawauza ndekha za ntchitoyi ndikapeza mawu ake. Pakali pano mungowapsompsona m'malo mwanga, muwauze kuti mwana wawo wa kutali amawapempherera m'mawa uliwonse. Mundiperekere moni kwa alamu anga a Peniamina, muwauze kuti nsomba zouma zija tinadya mpaka mafupa. Moni kwa ana anu onse ndi adzukulu, makamaka wakhanda uja sindinamunyamulepo. Moni kwa azakhali a Folole, kwa amalume a Tuiasosopo ngati makutu akuwalolabe kumva, ndi kwa mlamu wathu Leata, mkazi wa malemu Ioane, mumuuze kuti sindinamuiwale ngakhale sindilemba. Alamu anu a Aukuso ndi mwana wanu Sieni akuti moni wambiri.

Mutikumbukire m'mapemphero a Lamulungu. Tsalani bwino, Ambuye akusungeni mpaka tidzaonane.

Ndine mng'ono wanu,
Siniva